Bambo akunyumba akukana phala la oats, kodi tingosiya?

Funso: Ndine mayi wa ku Ulóngue, m'boma la Angónia ku Mozambique. Amuna anga ali ndi zaka 52, amagwira ntchito ku Moatize, kufupi ndi mzinda wa Tete, ndipo amabwera kunyumba kumathero a sabata. Kuchipatala anawapeza ndi mafuta ochuluka m'magazi, n'kuwalangiza kuti m'mawa azidya phala la oats m'malo mwa buledi wopaka majarini. Ndinagula mapaketi, koma atalawa anati phalalo likuterera ngati therere lopanda mchere, likuwachititsa nseru. Ndikathira shuga wambiri amadyako, koma ndikuopa kuti tikukonza kwina n'kumawononga kwina. Kodi pali kaphikidwe kena, kapena tingosiya?

Yankho: Zikomo mayi polemba. Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo abambowo. Sakuchita matama, ndipo nseruyo si yongopeka. Anthu ambiri amene amati amadana ndi oats, chimene amadana nacho kwenikweni ndi kaphikidwe kamodzi, kamene mwatsoka ndi komwe tonse timayambira. Dzanja lathu linazolowera phala la ufa: timafunditsa madzi, kuthira ufa, kuvundula ndi mthiko osaleka, n'kulisiya libwate nthawi yaitali kuti lipse bwino. Pa mgaiwa pamenepo mwakhoza. Pa oats ndiye mwachita zonse zimene zimatulutsa kuterera, chifukwa oats amakhala atadutsa kale mu nthunzi yotentha ku fakitale, safuna moto wautali, ndipo mthiko ukamawapera amasungunuka n'kusanduka chinthu chonanda.

Koma musanayambe kulimbana nako kutererako, dziwani kuti n'chiyani. Mu oats muli ulusi wina wa m'zakudya wosungunuka m'madzi, dzina lake beta-glucan, ndipo ndi umene achipatala akuufuna. Ukafika m'matumbo umakoka madzi n'kukhala wonanda, n'kukola ndulu imene chiwindi chimatumiza kuti igaye mafuta. Nduluyo mmalo mobwerera m'thupi imatuluka ndi chimbudzi. Chiwindi pofuna kupanga ndulu ina chimatapa kolesterolo, mtundu wa mafuta aja a m'magazi, ndipo mlingo wake umatsika pang'onopang'ono. Izi zinafufuzidwa mokwanira, moti mu 1997 bungwe la boma la America loona za zakudya ndi mankhwala, FDA, linalola kuti pa mapaketi a oats pazilembedwa kuti amathandiza kuchepetsa chiopsezo cha matenda a mtima. Mlingo wake ndi magalamu 3 a beta-glucan pa tsiku, amene mumawapeza mu oats ouma okwana magalamu pafupifupi 75, kapena kuti kapu ya mamililita 250 yotsala pang'ono kudzaza. Paketi ya kilogalamu imodzi ingatenge pafupifupi masabata awiri kwa munthu mmodzi. Kutsika kwake si kodabwitsa ayi, kolesterolo wa mtundu woipa amatsika ndi magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse, koma pa chakudya chabe nambala imeneyi si yonyozeka.

Ndanena izi chifukwa ena akatopa nako kuterera amaphika oats m'madzi ambiri, n'kukhetsa madziwo, mwinanso kutsukuluza. Osatero. Pamenepo mwataya gawo la chimene munagulira. Chofunika n'chakuti ulusiwo ukhalebe m'kati mwa njere pamene zili m'mbale, ukatuluke zikafika m'mimba.

Tengani kaye paketi ija muyang'ane. M'masitolo a ku Tete ndi ku Moatize mupeza zolembedwa m'Chipwitikizi kuti flocos de aveia, komanso za ku South Africa monga Jungle Oats. Pali flocos finos, tizidutswa topyapyala, ndi flocos grossos, njere zathunthu zongophwatika. Palinso za instant zongothira madzi otentha, zimene nthawi zambiri zimakhala m'timapaketi ting'onoting'ono ndipo zina amaziika kale shuga. Kwa munthu wodana ndi kuterera, za instant ndi topyapyala tija ndiye adani ake enieni, chifukwa zimasungunuka zisanafike n'komwe pamoto. Zimakwezanso shuga m'magazi mofulumira kuposa zikuluzikulu. Mukamagulanso, sankhani grossos. Ngati amene muli nawo ndi opyapyala musawataye, ali ndi ntchito yake imene ndiitchula kutsogoloku.

Kenako nunkhizani. Oats ali ndi mafuta ambiri kuposa tirigu kapena mpunga, pafupifupi magalamu 7 pa magalamu 100 alionse, ndipo mafuta amawonongeka ndi kutentha. Ku Ulóngue kwanuko n'kozizira, paketi imakhalitsa. Koma m'chipinda cha malata ku Moatize mwezi wa Okutobala kapena Novembala, pamene kutentha kumadutsa madigiri 40, paketi yotsekula siichedwa kuyamba kafungo ka mafuta akale ndi kakuwawa kotsalira kukhosi. Munthu akalawa oats otere koyamba, amaganiza kuti ndiko kukoma kwake. Oats abwino amanunkhira pang'ono chabe, kafungo kozizira ka njere. Sungani m'botolo kapena m'chitini chotseka bwino, pamalo opanda dzuwa, ndipo abambo azinyamula ongokwana sabata imodzi. Zimathandizanso kupewa anankafumbwe.

Tsopano chimene ndimachiika patsogolo pa zonse: kazingani. Tengani chiwaya chimene mumakazingira mtedza, chouma, chopanda mafuta, pamoto wa makala wosalilima. Thirani oats, muzitakasa kwa mphindi zisanu kapena kupitirirako pang'ono, mpaka ayambe kufiirira ndi kutulutsa fungo lokoma. Osachokapo, amapserera msanga. Kukazingaku kumachita ziwiri nthawi imodzi. Kumabweretsa kakomedwe kamene oats osakazinga alibe, ndiponso njere zimalimbako moti sizisungunuka msanga m'madzi. Mutha kukazinga a sabata yonse Lamlungu masana, kuwasiya azizire bwinobwino, n'kuwaika m'botolo loti abambo anyamule. Mukatseka adakali ofunda amachita thukuta n'kuyamba nkhungu.

Pophika, madzi ayambe awira kaye, obwadamuka, muli kamchere. Ndiye muthire oats. Kapu imodzi ya oats, makapu awiri a madzi, kapena kuchepetsako pang'ono ngati abambo amakonda cholimba. Takasani kamodzi kuti asaundane, chepetsani moto, ndipo mthiko muuike pambali. Zikuluzikulu zija zimapsa pa mphindi zisanu mpaka zisanu ndi zitatu. Phulani, vundikirani kwa mphindi ziwiri kapena zitatu kuti madzi otsala alowe. Mukapakula muona kuti njere iliyonse ikuoneka payokha, ndipo munthu akutafuna, osati kungomeza. Adye likadali lotentha. Phala la oats likazizira limaundana, ndipo pamenepo ngakhale amene amalikonda amalikankhira kutali. Ngati abambo amachedwa kubafa, dikirani atuluke ndiye muthire oats m'madzi.

Za mchere ndionjezepo, poti abambo anautchula okha. Anthu ambiri amaganiza kuti phala lothira shuga silifuna mchere, chonsecho kusowa kwa mchere n'kumene kumapangitsa kuti azionjezera supuni pa supuni ya shuga koma osamva kukoma. Ku Scotland, kumene oats akhala chakudya cha tsiku ndi tsiku kwa zaka mazana ambiri, kaphikidwe kachikale n'ka madzi ndi mchere basi. Kotsina ndi zala ziwiri kokha n'kokwanira. Ngati abambo alinso ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, kamchere kameneka kachotsedwe ku ndiwo zamasana, chifukwa bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi.

Mukafika apa theka la nkhondo latha. Theka linalo ndi zothiramo, ndipo apa inu a ku Angónia ndi a ku chigwa cha Zambezi muli ndi mwayi umene simuudziwa.

Nsinjiro. Palibe chimene chimagwirizana ndi oats okazinga kuposa mtedza, ndipo lilime la abambo likulidziwa kale phala lotendera kuyambira ali mwana. Supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri pa mbale. Nsinjiro zaziwisi zimafuna kupsa nthawi yaitali kuposa oats, choncho muziyamba kuziwiritsa m'madzi aja kwa mphindi khumi musanathire oats. Njira yachidule, makamaka kwa abambo akamadziphikira okha ku Moatize, ndi mtedza wokazinga kale wosinja, kapena chiponde, zothira pomaliza. Musaope kuti mtedza uli ndi mafuta. Mafuta ake ambiri ndi a mtundu umene sukweza kolesterolo, mosiyana ndi mafuta a nyama. Chongoti asachulukitse ngati thupi likukula. Ndimakonda kuti mtedza wina musausinje kwambiri, mungouphwanya, kuti pakhale chokukuta. Munthu wonyansidwa ndi zoterera, mano akapeza chogwira nseru imachepa. Nthanga za maungu zokazinga zimagwira ntchito yomweyo. Koma sankhani mtedza musanasinje: wofota, wakuda kapena wachuku tayani, chifukwa chuku chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi amene safa ndi moto.

Chachiwiri ndi malambe, ndipo ndikanati ndisankhe chimodzi chokha chothetsera nseru ndikanasankha amenewa. Kuwawasa kumadula kuterera m'kamwa. Abambo akuchokera kumene malambe ali mbwee pamsika, ndiye azibweretsa iwo, inu muziwapatsira nsinjiro za kumunda. Sinjani pang'onopang'ono mu mtondo kuti ufa uchoke ku nthanga, sefani, sungani pouma. Supuni yaing'ono imodzi yodzaza ndi poyambira pabwino, thirani mutaphula kale, chifukwa malambe ali ndi vitamini C wambiri amene amawonongeka ndi moto. Vitamini ameneyu amathandizanso thupi kutenga ayironi wa mu oats ndi mu mtedza. Mukasakaniza malambe ndi mkaka wozizira amalimba n'kukhala ngati yogati ija amagulitsa m'makapu ku Tete; athireni pamwamba pa phala lotentha, osatakasa, kuti supuni iliyonse izitenga kotentha ndi kozizira. Masau ouma osinja nawonso amawawasa bwino. Zonsezi zikasowa, madontho a ndimu.

Zipatso zina ndingozitchula mwachangu, poti mukuzidziwa: nthochi yakupsa kwambiri yophwanya ndi foloko imatsekemeretsa mbale yonse, mango m'nyengo yake, papaya, magwafa, mapichesi a kumapiri kwanuko. Nthochi mungoisamala pa chinthu chimodzi, nayo imaterera. Kwa abambowa iduleni m'tizidutswa muike pamwamba mmalo moiphwanyira m'kati. Kaufa ka canela (sinamoni) kapena ka jinja, ngati muli nako, kamapangitsa phala kumveka lotsekemera popanda shuga.

Pa shuga nkhawa yanu ndi yoona. Musamudule tsiku limodzi, abambo angakane zonse. Ngati mumathira masupuni aang'ono anayi, sabata ino thirani atatu, yamawa awiri, mpaka mufike pa imodzi kapena theka. Ndipo muziwaza pamwamba osati kusungunulira m'kati, lilime limakumana naye koyamba ndipo wochepa amamveka ngati wambiri. Uchi ndi wokoma, koma kwa thupi ndi shuga ndithu. Mkaka wa m'chitini wotsekemera uja, leite condensado, ndiye usafike pafupi. Mkaka wamba ndi wabwino, koma phikani ndi madzi n'kuthira mkaka pang'ono pomaliza; oats owiritsidwa mu mkaka amananda kwambiri ndipo amagwira pansi pa poto. Majarini kapena batala m'phala, mwabwezera chimene achipatala anachotsa.

Pali funso limene ndikufuna muwafunse abambo: kodi zotsekemera m'mawa amazikonda n'komwe? Amuna ambiri ogwira ntchito yolemetsa amafuna chakudya chamchere, chokhala ndi fungo la ndiwo, ndipo phala lililonse lotsekemera amaliona ngati la ana kapena la odwala. Palibe lamulo loti oats akhale otsekemera. Kazingani anyezi ndi tomato m'kamafuta kochepa, thirani madzi, akawira thirani oats okazinga aja, madzi akhale ochepa, kapu imodzi ndi theka pa kapu ya oats, kuti atuluke ouma. Pamwamba dzira lowiritsa, kapena nyemba zotsala dzulo zotenthetsa bwino, kapena kapenta wa ku Cahora Bassa wokazinga n'kuphwanya, ndi katsabola. Masamba a mpiru kapena nkhwani odula bwino angalowenso. Kunena zoona, kwa munthu ngati amene mwamufotokozayu ndikuona kuti njira iyi ndi imene ingapambane zonse. Nyemba ndi oats pamodzi ndiye bwino kwambiri, chifukwa nyemba nazo zili ndi ulusi wosungunuka. Muchenjere ndi timatofali tokometsera msuzi ta caldo, timene mbali yake yaikulu ndi mchere. Nsomba youma ija ya chicoa nayo ndi yamchere kwambiri. Ngati mwaifuna, iviikeni nthawi yaitali, kusintha madzi, ndipo musathirenso mchere wina.

Njira ina yowazoloweretsa ndi kusakaniza ndi mgaiwa. Phikani phala la mgaiwa monga mwa masiku onse, lamadzimadzi pang'ono, lipse ndithu, ndiye kutatsala mphindi zisanu muthire oats odzaza dzanja. Kakomedwe kamakhala ka phala limene akulidziwa. Sabata ndi sabata muzichepetsa mgaiwa n'kumaonjezera oats. Ena amaima pa theka ndi theka, ndipo palibe cholakwika, bola otsalawo alowe m'chakudya china cha tsikulo.

Apa m'pamene opyapyala aja akupeza ntchito. Magalamu 75 sakuyenera kudyedwa onse m'mbale imodzi, ndipo sakuyenera kukhala phala. Phwanyani nthochi ziwiri zakupsa, sakanizani ndi kapu ya oats opyapyala, dzira limodzi ndi kamchere, dikirani mphindi khumi kuti zigwirane, n'kuotcha timagawo tophwatalala pa chiwaya chongopaka mafuta. Osazimiza m'mafuta monga timachitira ndi zitumbuwa. N'zabwino kumwera tiyi ndipo abambo atha kunyamula za Lolemba, koma kutentha kwa ku Moatize sikulola kuti zigone masiku. Pophika chigumu, gawo limodzi mwa magawo atatu a ufa likhale oats. Supuni ziwiri mu msuzi wa nyemba kapena wa nkhuku zimaulimbitsa, ndipo palibe amene angadziwe. Komabe ine sindikonda zowabisira akuluakulu chakudya. Auzeni, thupi ndi lawo, ndipo masiku ambiri amadziphikira okha.

Mumvanso za oats osaphika, ongoviika usiku. Si zachilendo. Dokotala wa ku Switzerland, Maximilian Bircher-Benner, cha m'ma 1900 ankapatsa odwala ake ku Zürich oats oviika osakaniza ndi apozi wopala, madzi a ndimu ndi mtedza wa kwawo, ndipo n'kumene kunachokera chakudya chotchedwa muesli. Oviika saterera ngati ophika, chifukwa sitachi wake sanakumane ndi moto. Ndi chambiko kapena yogati wopanda shuga amakoma, makamaka nthawi yotentha pamene palibe amene akufuna phala la nthunzi. Koma izi zimafuna firiji. Mkaka wogona panja usiku wonse ku Moatize ndi kuitana matenda otsekula m'mimba. Popanda firiji, aviike m'mawa womwewo kwa mphindi 20 kapena 30 m'madzi owiritsa ozizira kapena mu chambiko chatsopano, pamene akukonzekera za ku ntchito. Okazinga aja amatha kungowazidwa pa chambiko n'kudya pomwepo.

Asayambe ndi kapu yonse. Thupi losazolowera ulusi wambiri limachita mpweya ndi kutupa m'mimba masiku oyamba, ndipo zimenezi zingawapatse chifukwa china chokanira. Ayambe ndi masupuni aakulu atatu kapena anayi, azionjezera pakapita masiku, ndipo azimwa madzi okwanira, makamaka kotenthako. Ngati anawapezanso ndi matenda a shuga, zipatso zikhale zochepa pa mbale, za instant azipewe, ndipo njira ya dzira kapena nyemba ija ndiyo yowayenera.

Tsono ku funso lanu lomaliza, loti mungosiya kapena ayi. Yesani kukazinga, kuphika mosavundula ndi njira yamchere kwa masabata awiri kapena atatu. Akakanabe, siyani, musayambane m'nyumba chifukwa cha phala. Oats salimidwa kwambiri kuno, amachita bwino kumaiko ozizira monga Canada ndi Russia, n'chifukwa chake amafika ndi mtengo wa ulendo wautali. Beta-glucan wochuluka chotere amapezeka makamaka mu oats ndi balere, koma ntchito yotsitsa kolesterolo si ya iwo okha. Nyemba za ku Angónia, khobwe, nandolo, soya, mtedza, therere lenileni, mabiringanya ndi zipatso zonse zimakankhira mbali yomweyo, ndipo nsima ya mgaiwa imaposa ya ufa woyera pa ulusi. Komanso chimene abambo akuchotsa chimalemera kuposa chimene akuonjezera. Mbale ya oats m'mawa siingafafanize mafuta a mbuzi yootcha, tchipisi ndi mang'ina madzulo alionse, ndipo mwamuna wokhala yekha pakati pa sabata ku Moatize zimenezi ndi zimene zimakhala pafupi naye. Muwafunse mwaulemu zimene amadya Lolemba mpaka Lachisanu, mwina nkhani yaikulu ili kumeneko. Fodya, ngati amasuta, ndiye woyamba kusiya.

Ngati anapatsidwa mapiritsi otsitsa kolesterolo, apitirize kumwa, adye oats kapena asadye. Phala silolowa m'malo mwa mankhwala. Pakatha miyezi itatu abwerere kuchipatala akayezetsenso magazi, atanyamula pepala la zotsatira zoyamba kuti adokotala akayerekeze manambala, ndipo akapemphe kuti awayezenso shuga ndi kuthamanga kwa magazi tsiku lomwelo.